Phunziro: Kusankha Mankhwala Tikauzidwa Kuti Mafupa Athu Afooka

Cholinga cha phunziro

Amayi anzathu, phunziro lino likufuna kutithandiza kudziwa mankhwala amene amaperekedwa kwa munthu wopezeka ndi matenda a kufooka kwa mafupa, ubwino wake ndi zovuta zake, kuti tikakhala pamaso pa dokotala tizitha kufunsa ndi kusankha mwanzeru. Ngakhale enafe sitinapezeke ndi matendawa, tili ndi amayi athu, apongozi ndi anzathu a m'gulu amene tikuwasamalira.

Mau oyamba

Ambiri mwa ife tinaonapo agogo amene kale anali aatali koma lero afupika ndipo msana wapindika, kapena mayi amene anangoterereka pakhonde n'kuthyoka chiuno. Timangoti ndi ukalamba. Kawirikawiri amakhala matenda amene achipatala amawatcha osteoporosis, kutanthauza kuti m'kati mwa mafupa mwachuluka timabowo ndipo afooka. Fupa lotere lili ngati chimanga chofumbwa: kunja chimaoneka chabwino, koma ukachifinya chimangophwanyika. Matendawa sapweteka pamene akuyamba, ndipo ambiri amawadziwa tsiku limene athyoka. Bungwe la International Osteoporosis Foundation limanena kuti pa dziko lonse, mayi mmodzi mwa atatu aliwonse opitirira zaka 50 adzathyoka fupa chifukwa cha matendawa, ndipo kwa abambo ndi mmodzi mwa asanu.

Munthu akauzidwa kuti ayambe mankhwala, nthawi zambiri amamva kwa anzake kuti mankhwalawo amaononga nsagwada kapena amatentha pakhosi, ndiye amachita mantha n'kuwasunga m'sutikesi. Tiyeni tikumbukire sikelo ya mbale ziwiri. Mbale imodzi muli kuopsa kwa mankhwala, mbale ina muli kuopsa kokhala osamwa mankhwala. Wosankha bwino amayang'ana mbale zonse ziwiri.

1. Chimachitika n'chiyani m'mafupa athu?

Fupa ndi chinthu chamoyo. Tsiku ndi tsiku muli timaselo tina timene timagumula fupa lakale, ndi tina timene timamanga latsopano. Mpaka zaka pafupifupi 30, omanga amaposa ogumula ndipo mafupa amalimba. Mayi akasiya kusamba, mahomoni a estrogen amene amaletsa ogumula aja amachepa m'thupi, ndipo m'zaka 5 mpaka 7 zotsatira mayi akhoza kutaya mpaka gawo limodzi mwa magawo asanu a kulimba kwa mafupa ake. N'chifukwa chake matendawa amagwira kwambiri amayi.

Kuchipatala amayeza kulimba kwa mafupa ndi makina otchedwa DXA, ndipo zotsatira zake amazitcha T-score. M'chaka cha 1994 bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO linakhazikitsa kuti T-score ya -2.5 kapena kutsika pamenepo ndiye matendawa, pamene pakati pa -1 ndi -2.5 ndiye kuti mafupa ayamba kuchepa mphamvu. Makinawa sapezeka m'zipatala zambiri kwathu kuno. Komabe ngati munthu wathyoka chiuno kapena fupa la msana pongogwa ali chiimire, dokotala akhoza kunena kuti matendawa alipo ngakhale popanda makinawo.

2. Mbale yoyamba: tikapanda kulandira chithandizo

Mafupa amene amathyoka kawirikawiri ndi a pamkono pafupi ndi dzanja, a msana ndi a m'chiuno. Mafupa a msana amatha kuphwanyika pang'onopang'ono munthu akungowerama kapena kusenza ndowa, ndipo m'pamene pamachokera kufupika, linunda ndi kupweteka kwa msana kosatha. Kuthyoka chiuno ndiko koopsa koposa. Ngakhale m'maiko amene opaleshoni imachitika msanga, pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu othyoka chiuno amamwalira chaka chisanathe, chifukwa kugona nthawi yaitali kumabweretsa chibayo, zilonda za pamphasa ndi kuundana kwa magazi. Ambiri mwa opulumuka sayendanso monga kale. Mayi amene amalima, kuphika ndi kulera zidzukulu amasanduka wodikira kunyamulidwa, ndipo mwana wake wamkazi amasiya geni kapena sukulu kuti akhale pachipatala miyezi.

Tidziwenso kuti amene wathyoka kamodzi ali pa chiopsezo chachikulu chothyokanso, makamaka m'zaka ziwiri zoyamba. Choncho kwa mayi amene wathyoka kale, mbale iyi ndi yolemera kwambiri, ndipo kuzengereza kuli ndi mtengo wake.

3. Mbale yachiwiri: mankhwala ndi zovuta zake

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Mankhwala aliwonse amphamvu ali ndi zovuta zake, ndipo tiyenera kuzidziwa tisanayambe.

(a) Mapiritsi a alendronate ndi anzake

Awa ndi a gulu la bisphosphonate, ndipo ndi amene madokotala amayambira kwa anthu ambiri chifukwa ndi otsika mtengo komanso akhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira 1995. Amachepetsa liwiro la timaselo togumula fupa. Alendronate amamwa piritsi limodzi la 70 mg kamodzi pa sabata, ndipo risedronate ndi 35 mg kamodzi pa sabata. Kwa amayi amene anathyoka kale fupa la msana, alendronate amachepetsa ndi pafupifupi theka kuthyoka kwa msana ndi chiuno.

Kamwedwe kake n'kofunika kwambiri. Timwe m'mawa tisanadye kanthu, ndi kapu yodzaza ya madzi wamba, osati tiyi, mkaka, thobwa kapena phala. Tikatero tikhale chokhala mowongoka kapena chiimire kwa mphindi 30, osagona, osawerama kusesa pabwalo kapena kukoleza moto, ndipo tisadye kanthu mpaka mphindizo zitatha. Chifukwa chake n'chakuti piritsi likakakamira kum'mero limatentha ndi kuchita zilonda, komanso chakudya chimalepheretsa mankhwala kulowa m'thupi. Mapiritsi a kashiamu, oonjezera magazi ndi a chilungulira timwe nthawi ina patsikulo. Tikaiwala, timwe m'mawa wotsatira, koma tisamwe awiri tsiku limodzi. Mankhwalawa sayenera munthu amene amavutika kumeza, amene sangathe kukhala tsonga mphindi 30, kapena amene impso zake zafooka kwambiri.

(b) Diripu ya zoledronic acid

Awanso ndi a gulu lomweli, koma amaperekedwa kudzera mumtsempha, 5 mg kamodzi pachaka, kwa mphindi zosachepera 15. Kafukufuku wamkulu amene anatuluka mu 2007 anaonetsa kuti pa zaka zitatu anachepetsa kuthyoka kwa msana ndi 70 pa 100, ndi kwa chiuno ndi 41 pa 100. Amathandiza mayi wa chilungulira kapena woiwalaiwala, komanso amene amakhala kutali ndi chipatala. Vuto lake ndi lakuti pafupifupi mmodzi mwa atatu amatentha thupi ndi kuphwanya m'mafupa kwa masiku awiri kapena atatu akalandira koyamba. Panado amathandiza, ndipo chaka chotsatira vutoli limachepa. Popeza kuno kutentha thupi kungakhalenso malungo, kukapitirira masiku atatu tikayezetse. Asanaike diripu ayenera kuyeza impso ndi kashiamu wa m'magazi, ndipo timwe madzi okwanira tsikulo.

(c) Jakisoni wa denosumab

Anavomerezedwa mu 2010 ndipo amadziwika ndi dzina la Prolia. Amabaya pansi pa khungu, 60 mg, miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Ndi amphamvu, ndipo ena amene impso zawo sizilola alendronate amapatsidwa awa. Koma pali chenjezo lalikulu. Mphamvu yake ikatha, mafupa amayamba kugumuka mofulumira kuposa kale, ndipo ena athyoka mafupa angapo a msana nthawi imodzi atangosiya. Jakisoni asachedwe kuposa mwezi umodzi, ndipo wofuna kusiya ayenera kupatsidwa bisphosphonate kuti atseke pamenepo. Tisanavomere jakisoni woyamba tidzifunse: kodi wachiwiri ndi wachitatu adzapezeka, nanga ndalama zake zidzachokera kuti? Ngati mwana wathu ali ku Johannesburg kapena ku London watumiza jakisoni mmodzi yekha, tikambirane kaye ndi dokotala. Kwa odwala impso kwambiri, mankhwalawa amatha kutsitsa kashiamu m'magazi moopsa, ndipo bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linaika chenjezo lamphamvu pa zimenezi mu 2024.

(d) Mahomoni ndi raloxifene

Mankhwala obwezeretsa estrogen amalimbitsa mafupa ndipo amathetsa kutentha thupi ndi thukuta la usiku limene limavuta amayi osiya kusamba. Kafukufuku wa ku America wotchedwa Women's Health Initiative anaonetsa mu 2002 kuti amachepetsa kuthyoka chiuno, komanso kuti amaonjezera pang'ono chiopsezo cha khansa ya m'mawere, kuundana kwa magazi ndi sitiroko. Lero madokotala amawaganizira makamaka kwa amayi osafika zaka 60, kapena amene sipanathe zaka khumi chisiyireni kusamba. Raloxifene, 60 mg tsiku lililonse, amateteza mafupa a msana ndi kuchepetsa chiopsezo cha khansa ya m'mawere, koma sanaonetse kuti amateteza chiuno. Amaonjezera kutentha thupi, ndipo sayenera mayi amene magazi anamuundanapo m'mitsempha.

(e) Mankhwala omanga fupa latsopano

Awa amasungidwira anthu amene matenda afika povuta, monga othyoka kangapo. Teriparatide ndi jakisoni wodzibaya tsiku lililonse, kawirikawiri kwa zaka ziwiri, ndipo amafunika kusungidwa mu firiji. Romosozumab, amene anavomerezedwa mu 2019, amabaya mwezi ndi mwezi kwa miyezi 12, koma saperekedwa kwa munthu amene wadwala sitiroko kapena mtima wake unagwidwa mwadzidzidzi m'chaka chapitacho. Onsewa ndi okwera mtengo kwambiri, ndipo akatha munthu amafunika kupitiriza ndi mankhwala ena kuti fupa lomangidwalo lisagumukenso.

4. Zinthu ziwiri zimene anthu amaopa kwambiri

Choyamba ndi chilonda cha fupa la nsagwada chimene chimakana kupola, makamaka munthu akazulidwa dzino. Chimachitikadi kwa omwa bisphosphonate kapena denosumab, koma pa mulingo umene amapereka chifukwa cha kufooka kwa mafupa, chimagwira munthu mmodzi mwa 10,000 mpaka mmodzi mwa 100,000 pachaka. Nkhani zambiri zoopsa zimene timamva ndi za odwala khansa, amene amalandira mankhwala omwewa pa mulingo waukulu komanso pafupipafupi. Chodzitetezera n'chakuti tikaonetse mano tisanayambe mankhwala, dzino lofunika kuzula lizulidwe nthawi imeneyo, tizitsuka mano kawiri patsiku, ndipo dokotala wa mano tizimuuza mankhwala amene tikumwa.

Chachiwiri ndi kuthyoka kwachilendo kwa fupa la ntchafu, kumene kumabwera munthu akamwa mankhwalawa zaka zambiri. Kafukufuku wa ku California amene anatuluka mu 2020, wokhudza amayi pafupifupi 196,000, anaika zinthu ziwirizi pa sikelo. Pa amayi achizungu 10,000 omwa mankhwala zaka zitatu, kuthyoka chiuno 149 kunapewedwa ndipo kuthyoka kwachilendo kunali kuwiri. Pa amayi a mtundu wa ku Asia, 91 kunapewedwa ndipo kwachilendo kunali 8. M'magulu onse awiri, opulumutsidwa anachuluka kutalitali kuposa ovulazidwa. Chizindikiro chochenjeza ndi ululu wosatha m'ntchafu kapena pamene ntchafu imalumikizana ndi chiuno, kwa masabata angapo popanda kugwa. Tikamva zotere tipite kuchipatala akajambule.

Pofuna kuchepetsa vutoli, madokotala amaunikanso pakatha zaka 5 za mapiritsi kapena zaka 3 za diripu. Popeza bisphosphonate amakhalitsa m'fupa, mayi amene chiopsezo chake chatsika akhoza kupumitsidwa kwa kanthawi, pamene wa chiopsezo chachikulu amapitiriza. Tigwiritsitse mfundo iyi: kupumitsa kumeneku n'kwa bisphosphonate yekha. Denosumab sapumitsa.

5. Mankhwala ena amene amakhudza mafupa

Prednisolone ndi anzake, amene amaperekedwa pa mphumu ndi nyamakazi, amafooketsa mafupa munthu akamwa miyezi itatu kapena kuposa. Ena amagula okha pamsika chifukwa amaziziritsa ululu msanga, osadziwa kuti akudya mafupa awo. Amene wawamwa nthawi yaitali asasiye mwadzidzidzi, chifukwa zimenezo n'zoopsa, koma apite kwa dokotala amuchepetsere pang'onopang'ono.

Kachirombo ka HIV pakokha kamachepetsa mphamvu ya mafupa, ndipo tenofovir, amene ali m'gulu la ma ARV omwe ambiri akumwa m'dziko muno, amachepetsanso pang'ono. Pano sikelo ndi yoonekeratu: ma ARV akusunga moyo, ndipo palibe amene ayenera kusiya chifukwa cha phunziro lino. Chofunika n'kuuza a ku chipatala cha ma ARV kuti tapezeka ndi matenda a mafupa, kuti ayeze impso ndi kuona ngati pakufunika kusintha. Jakisoni wolerera wa Depo-Provera nayenso amachepetsa kulimba kwa mafupa pamene mayi akubayitsa, koma kwa ambiri amabwerera akasiya. Fodya, kuphatikizapo wa phuno, ndi mowa wambiri zimaononganso mafupa.

6. Zoti tikambirane ndi dokotala

Safunsa anadya phula. Tisachite manyazi kufunsa, ndipo ngati n'kotheka tipite ndi mwana kapena mnzathu woti atithandize kukumbukira. Titenge buku lathu la kuchipatala ndi mankhwala onse amene tikumwa, ngakhale a zitsamba. Timuuze dokotala ngati tinathyokapo fupa, ngati mayi kapena bambo athu anathyoka chiuno, ngati tili ndi vuto la impso, la m'mimba, la mano, la mtima, kapena tinadwalapo khansa ya m'mawere. Kenako tifunse mafunso awa:

Kodi chiopsezo changa chothyoka n'chachikulu bwanji ndikapanda kumwa mankhwala?
Mankhwala amene mukundipatsawa achepetsa chiopsezocho motani?
Ndi zizindikiro ziti zoti ndikaona ndibwere msanga?
Ndimwa kwa zaka zingati, ndipo tidzaunikanso liti?
Kodi amapezeka nthawi zonse, ndipo pachaka adzandidyera ndalama zingati?
Akasowa kapena ndikafuna kusiya, chidzachitike n'chiyani?

Mankhwala oyenera mayi wa m'tauni wokhala ndi firiji ndi inshuwalansi akhoza kukhala osayenera mayi wa kumudzi amene chipatala chili mtunda wa tsiku lonse. Mankhwala abwino kwa ife ndi amene akugwirizana ndi thupi lathu komanso amene tingathe kupitiriza. Mafupa akamalimba sitimva kanthu m'thupi, ndiye ambiri amaganiza kuti mankhwala sakugwira ntchito n'kusiya chaka chisanathe. Enanso amauzidwa kuti ataye mankhwala chifukwa apemphereredwa. Tiyeni tiwalimbikitse kupitiriza mpaka dokotala atanena. Pogula, tigule m'mafamase ovomerezeka ndi bungwe la PMRA, osati pa benchi mumsika.

7. Chakudya, dzuwa ndi kupewa kugwa

Mankhwala onsewa amafuna kashiamu ndi vitamini D wokwanira m'thupi, monga mmisiri amafunira njerwa ndi simenti. Mayi wopitirira zaka 50 amafunika kashiamu wokwana 1,000 mpaka 1,200 mg patsiku. Nsima payokha ili ndi kashiamu wochepa. Timapeza kashiamu mu usipa, matemba ndi kapenta zimene timadya ndi minga yomwe, mu mkaka ndi chambiko, mu bonongwe, mpiru, chammwamba, soya, nyemba ndi malambe. Vitamini D thupi limapanga lokha khungu likawombedwa ndi dzuwa, choncho agogo amene sangathe kutuluka okha tiziwatulutsa panja tsiku ndi tsiku. Koma tisadzinyenge: kwa mayi amene wathyoka kale chiuno kapena msana, chakudya chokha sichingalowe m'malo mwa mankhwala.

Mafupa ambiri amathyoka pogwa. Tikonze njira ya kuchimbudzi ndi kubafa, tichotse ndere poterera, pakhale tochi pafupi ndi pogona, ndipo tisiye mapatapata otha kunsi. Amene maso achita ng'ala akaonetse kuchipatala, ndipo ndodo yoyendera si chinthu chochititsa manyazi. Kuyenda ndi kugwira ntchito zopepuka kumalimbitsa mafupa ndi minofu, koma wofooka msana apewe kusenza katundu wolemera ndi kuwerama atanyamula.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Mayi wa zaka 68 anathyoka mkono chaka chatha ndipo wapatsidwa alendronate. Mnzake wamuuza kuti mankhwalawo amaoletsa nsagwada, ndiye wasiya. Tingamuuze chiyani pogwiritsa ntchito sikelo ya mbale ziwiri?

2. Mayi wa zaka 72 ali ndi chilungulira chachikulu ndipo amakhala kutali ndi chipatala. Mwana wake ali kunja kwa dziko akufuna kumutumizira jakisoni wa denosumab. Ndi mafunso ati amene banjali liyenera kufunsa lisanavomere?

3. N'chifukwa chiyani timatenga kupindika msana ndi kufupika ngati chinthu chongobwera ndi ukalamba? Maganizo amenewa atichedwetsa bwanji kupita kuchipatala?

4. Pa zakudya za kashiamu zimene tatchula, ndi ziti zimene zimapezeka kwathu kuno chaka chonse pa mtengo wotsika?

Zoti tichite mwezi uno

Gulu lililonse lilembe maina a amayi okalamba a m'dera lake amene anathyokapo fupa pongogwa, ndipo liwayendere. Pokacheza tione pogona, njira ya kuchimbudzi ndi kuwala kwa usiku, ndipo chimene tingathe kukonza tikonze tsiku lomwelo. Ngati pali amene anathyoka koma sanauzidwepo za kufooka kwa mafupa, asankhidwe mayi mmodzi woti amuperekeze ku chipatala cha boma akafunse kwa a za mafupa. Amene ali pa mapiritsi a kamodzi pa sabata apezeredwe mnzake wowakumbutsa tsiku lake. Tsiku la 20 October ndi lokumbukira matendawa pa dziko lonse, ndipo magulu amene angathe aitane namwino kapena dokotala wa chipatala chapafupi kuti adzayankhe mafunso a amayi. Alembi abweretse malipoti a maulendowa pa msonkhano wotsatira.